Mawaya, Zitini ndi Kamera: Mmene Willie Bester Adadziphunzitsira Luso

Willie Bester adabadwa pa 29 Febuluwale 1956 ku Montagu, tauni yaing'ono ya m'mapiri yomwe ili makilomita pafupifupi 180 kum'mawa kwa Cape Town, m'dera la minda ya mphesa ndi zipatso. Bambo ake adali Mxhosa wobwera kudzagwira ntchito, pomwe mayi ake adali m'gulu la anthu amene boma la nthawiyo linkawalemba kuti makaladi. Kwathu kuno ukwati wotere sukadadabwitsa munthu. Mtumbuka amakwatira Mlomwe, ana n'kukula akuyankhula zinenero ziwiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ku South Africa, patangopita zaka 8 chipani cha National Party chilowereni m'boma mu 1948, banja lotere lidali vuto palokha. Lamulo la Population Registration Act la 1950 linkafuna kuti munthu aliyense akhale ndi mtundu wolembedwa m'kaundula, ndipo Willie adamuponya m'gulu lotchedwa "Other Coloured". Lamulo linzake la chaka chomwecho, Group Areas Act, linkanena komwe mtundu uliwonse uzigona. Mayi adali ndi dera lawo, bambo dera lawo, ndipo nyumba yoti akhalire limodzi boma silidaiganizire n'komwe.

Ku chigawo cha Western Cape zinthu zidali zothina kuposa kwina. Kuyambira mu 1955 boma lidatsata mfundo yoti ntchito za kumeneko ziziyamba zapatsidwa kwa makaladi, munthu wakuda azionedwa ngati mlendo wongobwereka: abwere yekha, agwire ntchito, agone m'hositelo ya amuna okhaokha, mphamvu zikatha abwerere ku Transkei kapena ku Ciskei. Pamaso pa boma, bambo ake a Willie adali mmodzi mwa anthu otere. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa patapita zaka zoposa 30 mwana wawo adadzaijambula, ndipo adaijambula ndi bedi lenileni.

Luso lake lidayambira pomwe la ana ambiri a ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chipata limayambira, pa galimoto ya mawaya. Amene adapangako akudziwa kuti ntchitoyi si yachibwana ngakhale mathero ake ali masewera. Poyamba pamafunika kusaka. Waya wolimba wa thupi la galimoto amachokera ku mpanda wakugwa, wofewa womangira mfundo amachokera m'tayala lootchedwa kapena m'nthambo yakutha ya magetsi, matayala ndi zitini za polishi kapena zitsekerero za mabotolo, malegeni ndi a chubu cha njinga. Kenako waya uja amawongoledwa ndi mwala n'kuyamba kupindidwa. Mwanayo alibe pepala, alibe pensulo, alibe choyezera. Land Rover kapena lole imene adaiona ikudutsa ili m'mutu mwake basi, ndipo akuitulutsa mzere ndi mzere. Kumeneko n'kujambula kale, kungoti mizere yake ikuima mumpweya m'malo mogona papepala. Akatalikitsa mbali imodzi galimoto imapendekeka, anzake n'kumuseka, ndiye amaphunzira kuyeza ndi diso. Chiwongolero chachitali chija chiyenera kutembenuzadi matayala akutsogolo, ndiye amaphunziranso mmene zitsulo zimagwirirana, pati pofunika kumanga zolimba, pati pofunika kusiya mpata woti chinthu chizizungulira.

Willie sankakhutira ndi chigoba cha mawaya chokha. Magalimoto ake ankawawonjezera malata a zitini n'kuwakongoletsa, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 7 adayamba kuyesa penti. Ine ndimaona kuti zonse zimene adadzatchuka nazo zidali kale m'manja mwa mwana ameneyu: diso losaka pa dzala, chizolowezi choyang'ana chinthu chotayidwa n'kudzifunsa kuti chingakhalenso chiyani, ndi kusaopa kuphatikiza chitsulo, mphira ndi utoto pa chinthu chimodzi. Chimene padalibe ndi nkhani yoti anene. Nkhaniyo boma lidam'patsa lokha. Ali ndi zaka 10 banja lawo lidasamutsidwa mokakamiza potsata lamulo la Group Areas lija, ndipo sukulu sadapite nayo patali, adaisiya kuti athandize pakhomo.

Mu 1967 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lina lokhudza anyamata a chikaladi a zaka 18 mpaka 24. Onse ankayenera kulembetsa, ndipo amene boma lawaona kuti ndi malova linkawatengera ku kampu kukawaphunzitsa perete, kumvera, ndi kugwira ntchito osafunsa mafunso. Bester adakhala chaka chathunthu ku kampu yotere ku Eersterivier. Dera limeneli ndi limene likumuyandikizitsa kwa ife amene tili ndi abale ku Cape Town lero. Eersterivier ndi Mfuleni n'zoyandikana, m'chigwa chamchenga cha Cape Flats momwe mtsinje wa Kuils umadutsa usadakathire mu mtsinje wa Eerste. M'miyezi yotentha mphepo imauluza mchenga mpaka m'mbale, ndipo mu Juni ndi Julaye, pomwe kwathu kuli chisanu chouma, kumeneko kumagwa mvula yozizira madzi n'kulowa m'nyumba. M'zaka za m'ma 1970 zimenezo Mfuleni idali kadera kakang'ono ka mahositelo ndi nyumba zochepa, kosungirako amuna akuda ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'minda yozungulira. Mnyamata wa ku Montagu adali mbali ina akuphunzitsidwa kuguba, amuna a msinkhu wa bambo ake ali mbali inayo, akazi ndi ana awo ali kutali.

Atatuluka adapeza ntchito ku Cape Town yothandiza katswiri wopanga mano oikirira, ndipo adaigwira zaka 15. Ofotokoza mbiri yake ambiri amadutsa zaka zimenezi ndi chiganizo chimodzi, ngati kuti munthuyu ankangodikira. Ine sindiziona choncho. Ntchito ya mano oikirira ndi ya chikombole, pulasitala, phula ndi timawaya topindidwa mosamala kuti tigwire dzino. Ukaphonya pang'ono pokha, mwini mano sangatafune. Munthu amene watha zaka 15 akuumba, kupala ndi kulumikiza tinthu tating'ono chotere amatuluka ndi manja odekha. Komanso malipiro a pamwezi adam'patsa ufulu umene wojambula wodalira kugulitsa sakhala nawo. Ankatha kuyesa chinthu, chikakanika n'kuchitaya, pakhomo osagona ndi njala.

Ankajambula pa nthawi yake yopuma, ndipo mu 1982 adachita chionetsero chake choyamba cha yekha ku Cape Town. Zithunzi zake zidali za malo ndi misewu. Apa m'pomwe pafupifupi aliyense wodziphunzitsa yekha amayambira. Pitani ku Senga Bay, ku Nkhata Bay kapena pa msika wa ziboliboli wa pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town ku Lilongwe, mudzapeza dzuwa lofiira panyanja, bwato, mlambe, amayi atasenza mitsuko. Sindikunyoza zithunzi zimenezi. Zimaphunzitsa dzanja kusakaniza mitundu, ndipo zimalipira fizi ya ana. Vuto lake n'lakuti wojambula amayamba kuona dziko lake ndi maso a wogula. Ambiri amakalambira pomwepo, ndipo Bester naye akadatha kukalambira pomwepo, mzinda umene ankakhalamo ukadapanda kuyaka moto.

Pa 15 Okutobala 1985 lole ya kampani ya boma ya njanji idadutsa mu msewu wa Thornton ku Athlone itanyamula mabokosi a matabwa. M'mabokosimo mudabisala apolisi. Anthu ena atayamba kuigenda, apolisi aja adavumbuluka n'kuombera m'khamu, ndipo adapha atatu: Michael Miranda wa zaka 11, Shaun Magmoed ndi Jonathan Claasen. Atolankhani a wailesi ya kanema ya ku America ya CBS adajambula zonsezi, dziko lapansi lidaona, ndipo nkhaniyi idadziwika ndi dzina loti Trojan Horse. Boma, m'malo mochita manyazi, lidaletsa makamera. Mu Novembala chaka chomwecho kujambula zipolowe m'madera amene adali pansi pa lamulo la nthawi ya chipwirikiti kudasanduka mlandu. Chaka chotsatira, mu Meyi ndi Juni 1986, magulu a amuna omanga nsalu zoyera, otchedwa witdoeke, adatentha zisakasa za m'mbali mwa Crossroads ndi ku KTC apolisi ali kumbuyo kwawo, anthu pafupifupi 60,000 n'kutsala opanda pogona. Ambiri adakankhidwira ku Khayelitsha, tauni imene boma lidayamba kumanga mu 1983 kum'mwera kwa Mfuleni, tsidya la msewu wa N2.

Mu 1986 momwemo, ali ndi zaka 30, Bester adayamba kupita ku Community Arts Project, yomwe anthu ankangoitcha CAP, uku ntchito ya mano akugwirabe. Malowa adatsegulidwa mu 1977 ku Mowbray, moto wa zionetsero za ana asukulu za 1976 usadazime, kenako adasamukira ku Chapel Street m'mphepete mwa District Six, dera lomwe boma lidagumula nyumba za anthu oposa 60,000. CAP idalipo chifukwa m'sukulu za anthu akuda phunziro la zaluso lidali losowa, ndipo kwa zaka zambiri munthu wosakhala mzungu ankafunika chilolezo cha nduna kuti alowe sukulu ya Michaelis ya pa yunivesite ya Cape Town. Ku CAP chitseko chidali cha aliyense. Mmodzi mwa amene ankaphunzitsa kusindikiza zithunzi kumeneko adali Lionel Davis, amene adakhala zaka 7 m'ndende ya Robben Island. Kuchokera pa msonkhano wa Culture and Resistance umene udachitikira ku Gaborone mu 1982, pamalowa pankasindikizidwa mapositala ndi malaya a mabungwe olimbana ndi tsankho.

Bester adaphunzirako nthawi yochepa, ndipo sindikhulupirira kuti chachikulu chimene adatolako ndi kagwiridwe ka burashi, poti kameneko adali nako kale. Adapezako anthu amene kwa iwo kujambula kudali kuyankhula pamene pakamwa patsekedwa. Ndipo naye atafuna kuyankhula adaona kuti penti yekha sakukwanira.

Luso lomata zidutswa pa chithunzi, lomwe akatswiri amalitcha collage, mabuku amati lidayamba ku France mu 1912, pomwe Pablo Picasso ndi Georges Braque adayamba kumata nsalu ndi mapepala pa zojambula zawo. Ku Germany, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, Kurt Schwitters ankatola matikiti akutha ndi timatabwa m'misewu. Ku New York, Romare Bearden, amene naye adagwira ntchito yolembedwa zaka zambiri ku ofesi yosamalira anthu ovutika, ankadula zithunzi za m'magazini m'zaka za m'ma 1960 poonetsa moyo wa anthu akuda a ku Harlem. Mabukuwo sakunama. Koma munthu woyenda mu Crossroads sankafunika kumudziwa Picasso kuti aone luso limeneli. Chisakasa chilichonse chidali chomatamata: lata lochokera pa denga la wina, chitseko chakale, chikwangwani cha sitolo, katoni, ndipo m'kati makoma atakutidwa ndi nyuzipepala kapena mapepala omata pa zitini za zakudya kuti mphepo isalowe komanso m'nyumba muoneke bwino. Bester adatenga kamangidwe ka anthu amene ankawajambulawo n'kukasandutsa kajambulidwe kake.

Ntchito inkayamba ndi kamera. Ankalowa m'makomboni a Cape Flats, kucheza ndi anthu, kuwajambula pamodzi ndi malo awo, n'kubwerako ndi zithunzi komanso katundu: zitini zophwanyika, waya, zidutswa za magalimoto, nsapato, masamba a nyuzipepala, zikalata za boma. Sadali wojambula wa nyuzipepala ngati a gulu la Afrapix lomwe lidayamba mu 1982. Kwa iwo chithunzi chikatsukidwa ntchito yatha, kwa iye m'pomwe inkayambira. Ndipo tikumbuke kuti nthawi imeneyo kujambula kudali kodula, filimu inkatha pa zithunzi 24 kapena 36, ndipo munthu ankadikira atsuke kuti aone ngati watola kanthu. Kunyumba ankayala zonsezi pa bolodi. Chithunzi cha kamera chinkamatidwa, penti n'kupitiriza kuchokera m'mphepete mwake mpaka diso osadziwanso pomwe kamera yalekeza ndi pomwe burashi yayambira. Chitini chinkakhomedwa pomwe pafunika khoma la chisakasa. Pamwamba pake pankabwera manambala ndi mawu, mwa kalembedwe ka m'mafayelo a boma. Mitundu yake idali yowala, yofiira, yachikasu, yobiriwira, kotero kuti woonera sachoka akuganiza kuti anthu a m'makomboni ndi omvetsa chisoni basi. Amaona anthu amene akuchapa, akugulitsa, akulera ana.

Chimene njirayi idagwirira n'chosavuta kumva. Boma linkati zonena za otsutsa ndi mabodza, ndipo chojambula cha penti munthu akhoza kuchikana kuti ndi maganizo a wojambula. Koma chithunzi cha kamera chimanena kuti munthuyu adalipo, ndipo chitini chimene wina adamwera madzi chimabwera ndi dzimbiri lake. Wolowa m'nyumba ya chionetsero ku Cape Town kapena ku Johannesburg, amene mwina sadapondepo ku Crossroads chibadwire, ankapezeka waima maso ndi maso ndi zinthu za ku Crossroads zenizeni.

Mu 1991, patangotha chaka Nelson Mandela atatuluka m'ndende, Bester adasiya ntchito ya mano n'kuyamba kudalira luso lokha. Adali ndi zaka 35. Tikawerenga kuyambira pa magalimoto a mawaya aja, adali atatha zaka pafupifupi 30 akupanga zinthu popanda womutcha katswiri. Zitatero zinthu zidayenda msanga. Mu 1992 adalandira mphoto ya Prix de l'Aigle ku France, chaka chomwecho adapanga chithunzi chokumbukira Steve Biko, mu 1993 china chokumbukira Chris Hani amene adaphedwa mu Epulo chaka chimenecho, ndipo ntchito zake zidalowa m'gulu la zaluso za mu Africa zimene Jean Pigozzi amasonkhanitsa. Koma chithunzi chimene Mmalawi ayenera kuimapo nthawi yaitali si cha mtsogoleri.

Dzina lake ndi Semekazi, ndipo adachipanga mu 1993. Semekazi adali mkulu wina wochokera ku Transkei amene ankakhala ku Crossroads. Adagwira ntchito ya zomangamanga zaka zambiri ku Cape Town, mkazi ndi ana ali kumudzi, ndipo atakalamba adapezeka alibe nyumba, penshoni ya ku kampani alibenso. Chimene adali nacho mumzinda umene adathandiza kumanga ndi malo a bedi limodzi. Bester adajambula nkhope yake n'kuika patsogolo pake chitsulo cha bedi, kotero kuti mkuluyo amakuyang'ana kudzera m'mawaya a bedilo, ndipo bedi lasanduka zenera la ndende. Pambali pali chiphaso chake, pasi ija imene munthu wakuda ankayenera kuyenda nayo mpaka 1986, ndi tinthu tina ta moyo wake.

Nkhani imeneyi ilibe chachilendo ku Mzimba, ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi. Kwa zaka zambiri Wenela inkatenga amuna athu kupita nawo ku migodi ya ku Joni, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 adali kumeneko. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, Dr Kamuzu Banda n'kuimitsa kulemba anthu. Zidayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Teba mpaka 1988. Amene adabwerako adabwera ndi njinga, wailesi, bulangete ndi chifuwa. Ena sadabwereko, ndiwo matchona aja. Mpaka lero magulu a nkhalamba zimenezi akuyendabe m'maofesi kufunsa ndalama zawo za ukalamba. Nyimbo zonena za ulendo wa ku Joni tili nazo, nthano zake tili nazo, koma chithunzi cha bedi longa limene agogo athu adagonapo m'komponi ndimachipeza kwa mwana wa ku Montagu. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa amisiri tili nawo, ndipo masutikesi a malata, zipewa za mumgodi ndi mapepala a Teba zikadali m'nyumba zina, dzimbiri ndi chiswe zikugawana.

M'zaka za m'ma 1990 zomata zake zidanka zilemera mpaka bolodi lidaleka kukwanira. Zinthu zidatsika pakhoma n'kuima pansi, guluu ndi misomali n'kupereka malo kwa makina owotcherera. Adabwerera ku nkhani ya ku Athlone ija n'kupanga mahatchi otchedwa Trojan Horse, olumikizidwa kuchokera ku zidutswa za makina, mapaipi ndi zitsulo zooneka ngati mfuti. Kusaka ndi kulumikiza kudali komwe kuja kwa ubwana wake, kungoti tsopano ankasaka kwa ogulitsa zitsulo zakutha, ndipo chopangidwacho chinkafuna amuna angapo kuti chinyamuke.

Ufulu wa 1994 sudamutontholetse. Mu Novembala 2000 wailesi ya kanema ya SABC idaonetsa filimu imene apolisi ena a nthambi ya agalu kufupi ndi Benoni adadzijambula okha mu 1998, akulumitsa agalu amuna atatu a ku Mozambique amene adawagwira opanda mapepala, ati pophunzitsa agaluwo ntchito. Kamera imene boma lidaletsa mu 1985 tsopano idali m'manja mwa ozunza eni ake. Chaka chotsatira Bester adapanga ziboliboli za zitsulo za nkhaniyi, mutu wake Who Let the Dogs Out? Aliyense amene adadutsapo pa Beitbridge mtima uli m'mwamba akudziwa kuti pamalo pa amuna atatuwo pakadatha kukhala iye.

Pa nthawi yomweyi Mfuleni idali ikusintha. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anthu othawa moto ndi madzi osefukira m'madera ena a Cape Flats adayamba kusamukira kumeneko, nyumba za boma za RDP zidamangidwa, zisakasa n'kumera kumbuyo kwa nyumbazo, ndipo kalembera wa 2011 adapeza anthu oposa 50,000. Pakati pawo lero pali Amalawi, Azimbabwe, Asomali ndi ena. Ambiri mwa athu amalawirira kukagwira ntchito za m'nyumba, m'maluwa ndi m'zomangamanga. Ena a m'makomboni a Cape Town, makamaka ochokera ku Zimbabwe, amadyera waya ndi mikanda. Amapinda nyama, maluwa, njinga ndi magalimoto n'kumagulitsa pa maloboti ndi pa misika ya alendo monga Greenmarket Square, komwe ziboliboli za mitengo zochokera kwathu zimapezekanso. Mu 2000 mumzindawu mudatsegulidwa kampani ya Streetwires yolemba ntchito amisiri a waya oterewa. Bester amakhala chapafupi ndi Mfuleni pomwepo, ku Kuils River, m'nyumba imene iyonso adaikongoletsa ndi zitsulo zotola.

Pakati pa mnyamata wa pa maloboti ndi Bester kusiyana sikuli m'manja. Ena mwa anyamatawo amapinda waya mwaluso loti mmisiri aliyense angaime n'kuyang'ana. Kusiyana kuli pa nthawi, komanso pa amene akupangiridwa chinthucho. Wa pa maloboti akupangira mlendo amene ali ndi masekondi ochepa loboti isadasinthe, ndiye amapinda nyamalikiti yofanana ndi ya dzulo, chifukwa mwini chisakasa akufuna lendi ndipo kumudzi akudikira za feteleza. Bester adali ndi ntchito ya mano yomudyetsa, ndipo adapeza CAP, malo pomwe munthu wopanda mapepala a sukulu ankatha kulowa, kupeza pepala, inki ndi anzake omutsutsa. Malo otere safa imfa yaphokoso. CAP yomweyo idadzasintha dzina, ndipo pofika 2008 idatsekedwa, ndalama za opereka thandizo zitauma. Kwathu ku Mua, Kungoni imene Bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa mu 1976 yaonetsa zimene zimachitika osema a m'mudzi akapatsidwa denga, zida ndi nthawi, koma Kungoni ndi imodzi. Kamera lero ili m'thumba la aliyense, mu foni, ndipo mtaya sudathe. Chimene mwana wa ku Mtandire wokuta galimoto yake ndi zitini akusowa ndi chitseko choti akagogode akafika zaka 20.

Ntchito ya Bester imene yadzetsa mkangano waukulu ndi ya mu 2000, chiboliboli cha Sarah Baartman. Mayiyu adali wa mtundu wa Khoikhoi. Mu 1810 adamutengera ku London komwe ankamuonetsa kwa anthu olipira kuti aone thupi lake, ndipo adamwalira ku Paris mu 1815. Atamwalira akatswiri a sayansi adadula thupi lake, mafupa ake n'kukhala m'nyumba yosungira zakale ku Paris, pomalizira mu Musée de l'Homme, mpaka South Africa idawaitanitsa. Adaikidwa m'manda ku Hankey pa 9 Ogasiti 2002. Bester adamupanga ndi zitsulo zakutha, tizidutswa ta makina towotcherera pamodzi, wopanda chovala. Yunivesite ya Cape Town idatenga chibolibolicho n'kuchiimika mu laibulale yake yaikulu, pomwe ophunzira ankachidutsa tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa 10.

Mu 2015 ophunzira a pa yunivesiteyi adachititsa kuti chiboliboli cha Cecil John Rhodes chichotsedwe, n'kuyamba kufunsa za zithunzi zonse za pasukulupo, kuti adazisankha ndani ndipo zikumuonetsa motani munthu wakuda. Mu Malichi 2016 ophunzira ena, makamaka akazi akuda, adaveka chiboliboli cha Baartman nsalu ndi duku. Mfundo yawo idali yakuti mayi amene adavulidwa ali moyo, n'kuvulidwanso atafa, sayenera kuimanso wamaliseche pomwe aliyense akudutsa. Mfundoyi Mmalawi sangavutike kuimva. Kwathu mayi akagwa pamsewu, mayi mnzake amayamba wamuponyera chitenje asadafunse chimene chachitika.

Bester sadagwirizane nazo, ndipo adanena poyera. Iye amene adakula akulembedwa kuti "Other Coloured" adachipanga chibolibolicho kuti anthu ayang'anizane ndi zimene Baartman adachitidwa, ndipo kwa iye kuchiphimba kudali kubisa umboni. Ndikamvera mbali zonse ziwiri ndimapendekera kwa mmisiri. Chimene chidaima mu laibulale muja si thupi la mkazi lokopa maso. Ndi zitsulo zodukaduka, munthu womangidwa kuchokera ku zinthu zimene dziko lidagwiritsa ntchito n'kutaya, ndipo tanthauzo lake lonse lili m'zitsulo zimenezo, monga la Semekazi lili m'bedi. Nsalu idabisa chimene chinkayenera kuwawa. Komabe ophunzirawo adagwira mfundo yoona, yakuti malo oimikapo chinthu chotere ndi nkhani payokha, ndipo njira ya anthu othamangira mayeso si pamalo poti munthu angaime n'kulingalira za mayi amene adagulitsidwa ku maso a anthu.

Nsaluyo idadzachotsedwa, chibolibolicho chidachoka mu laibulale, ndipo mu Disembala 2018 yunivesiteyi idalengeza kuti holo yake yaikulu, imene kwa zaka zambiri inkadziwika ndi dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Rhodes, izitchedwa Sarah Baartman Hall.